Asa Pendry Abwera ndi Mdani ku Ukwati

Asa Pendry analowa ndale chifukwa cha migolo. Ali mnyamata ankakhoma migolo m'tauni ya Marlow, ku Indiana, ndipo inali migolo yabwino, yoti ngakhale mutaigubuduza kuchokera pamwamba pa phiri singadonthe. Alimi ankalongedzamo nyama ya nkhumba yothira mchere, ufa ndi kachasu wa chimanga, n'kuikweza m'mabwato kuti ikagulitsidwe kumunsi. Koma mtsinje wathu wa Sallow unali ndi mano. Mitengo ikuluikulu yogwa ndi madzi osefukira inkazika mizu m'matope, nthambi zitabisala pansi pa madzi, kudikira bwato. Chaka ndi chaka Asa ankaona migolo yake ikuyandama yokha kulowera kumunsi, eni ake atakhala pagombe manja ali m'khosi.

Tsiku lina zitamukwana anakwera pa chitsa cha kutsogolo kwa sitolo n'kuyamba kulalatira boma. Munthuyo anali ndi mawu, ndipo anthu anasiya zogula n'kumuzungulira. Tinene kuti pachitsapo sanatsikeponso. Anamusankha kukhala woweruza milandu ing'onoing'ono, kenako phungu wa nyumba ya malamulo ya ku Indiana, ndipo imvi zitayamba kumera, m'zaka za m'ma 1840, anamutumiza ku Washington. Konseko nyimbo yake inali imodzi: boma litumize sitima yozula mitengo mu Sallow, kuti sitima zikuluzikulu zizifika ku Marlow.

Ku Washington anamuzolowera msanga. Akangoimirira m'Nyumba ya Malamulo, aphungu anzake ankatsamira m'mipando, ena n'kutulutsa fodya wotafuna, chifukwa ankadziwa kuti kaya nkhani yayambira pa msonkho wa chitsulo kaya pa nsapato za asilikali, ikathera mu Sallow basi. Ankamuseka koma ankamukonda, poti Asa sankasunga mangawa. Mukatukwanizana m'mawa, madzulo ankakuitanirani ku mbale yake.

Mmodzi yekha ndiye sankaseka. Ameneyu anali Jotham Crewe, phungu wa ku New Hampshire, nkhalamba yowonda ngati mpini wa khasu, ya jekete lakuda limodzimodzi chilimwe ndi chisanu. Crewe ankasamala chuma cha boma ngati kuti anamusiyira ndi malemu bambo ake, ndipo ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti mtsinje wa ku Indiana ndi nkhani ya anthu a ku Indiana. Chimene ankanyadira pa moyo wake chinali chimodzi: chilowereni m'Nyumbamo sanajombepo pa voti. Kalaliki akamaitana mayina n'kufika pa Crewe, yankho linkabwera louma gwa: "Ayi." Ndi yemweyu amene ananena tsiku lina, Nyumba yonse ikumva, kuti Sallow si mtsinje koma ngalande, yoti bakha akafuna kusambiramo amasupuka pamimba.

Mawu amenewa Asa sanawataye. Ankapita nawo kwathu pa chisankho chilichonse n'kumawabwereza pachitsa, akutsanzira kalankhulidwe ka m'mphuno ka Crewe, anthu n'kumakuwa ndi ukali. Mapeto ake, ku Marlow bulu aliyense wokana kuyenda ankatchedwa Crewe.

Chodabwitsa n'chakuti awiriwa ankadya patebulo limodzi. Onse ankagona m'nyumba ya Mayi Ambler, mayi wamasiye amene ankasunga ndi kuphikira aphungu, ndipo poti aliyense ankati wosamuka akhale mnzakeyo, anakhala moyang'anizana zaka zambirimbiri.

"Olemekezeka a kungalande, tandipatsirani mchere," Crewe ankatero.

"Mcherewu ndi wa boma, akulu. Mukathira wambiri dziko ligwa."

"Likagwa ligwera mu Sallow, silinyowa."

"A Crewe, tsiku lina ndidzakumizani mmenemo ndi manja angawa."

"Mudzayambe mwathiramo madzi."

Mayi Ambler ankangopukusa mutu n'kuchotsa mipeni yakuthwa patebulo.

Ndiye kunabwera chaka chimene zinthu ziwiri zimene Asa ankazilakalaka zinagogoda pakhomo nthawi imodzi. Chisanu chili pafupi kutha, kunalengezedwa kuti nkhani ya Sallow, imene inakhala ikukankhidwira kumapeto chaka ndi chaka, ivoteredwa sabata yoyamba ya Epulo. Asa anavina m'khonde la Mayi Ambler mpaka matabwa kulira. Thukuta lisanaume, kunafika kalata ya mkazi wake Permelia. Mwana wawo Keziah, yekhayo amene anatsala mwa ana atatu, ankakwatiwa ndi Silas Ruddock, mnyamata wosula zitsulo. Zimenezo Asa ankazidziwa ndipo anavomera kale. Chimene sankachidziwa n'chakuti Silas wagula ngolo ndi ng'ombe, ndipo ukwati ukangotha anawo anyamuka kupita ku Oregon, kumalekezero a dziko, kumene anthu ankayenda chilimwe chonse ndipo opitako sankabwerera. Tsiku silikanasunthika. Mbusa wathu ankayendera mipingo yambiri pa kavalo, ku Marlow n'kumafika mwa apo ndi apo, komanso ngolo zinkayenera kunyamuka msipu ukangophuka, apo ayi chisanu chikawapeza m'mapiri. Ukwatiwo unali sabata yoyamba ya Epulo.

Asa anakhala pansi kalata ili m'manja. Mapanga awiri avumbwitsa, ndipo iye anaona kuti mvula yake yafika. Akatsala, mwana wake apita popanda bambo womupereka, mwina osadzaonananso. Akapita, voti yake isowa, pamene mkulu wa chipani chake anali atamutsina kale khutu kuti mbali ziwirizi zikusiyana pang'onong'ono, ndipo mavoti akafanana nkhani imafera pomwepo. Akanawauza chiyani anthu amene anamusankha kangapo konse chifukwa cha mtsinjewo?

Khomo lotulukira linalipo limodzi. M'Nyumbamo munali mwambo wosalembedwa paliponse, umene aphungu ankautcha kumangana. Phungu wa "inde" akafuna kuchoka, ankafunafuna phungu wa "ayi," n'kugwirana chanza kuti pa nkhani yakutiyakuti onse awiri savota. Mbali iyi yataya mmodzi, inayo yatayanso mmodzi, sikelo ili pomwe inali. Wophwanya panganolo analibe chilango, koma sankapezanso womupatsa moni.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Asa anavala chipewa n'kuyamba kuyendera adani a mtsinje wake mmodzimmodzi. Anamulandira bwino, ena mpaka kumuthirira chakumwa, koma pa za kumangana anakana kwamtuwagalu. Akanavomera bwanji, pamene kuchoka kwa Asa kunali mphatso yowagwera m'manja yokha?

"Pitani ndithu, a Pendry, mwana ndi mwana," anatero wina, mano onse ali pamtunda. "Mtsinjewo tikusungirani ife."

Anatsala mmodzi, amene Asa sanamuwerengere n'komwe. Munthu wosajomba chilowereni angajombe chifukwa cha Sallow? Komabe m'mawa wina anamupeza ali yekha patebulo akudya phala lopanda shuga, poti shuga ankati n'kuwononga.

"A Crewe, lero sindinabwere ndi nkhondo. Ndabwera wogwada."

"Gwadirani uko, apa Mayi Ambler angokolopa kumene."

Asa sanaseke. Anafotokoza zonse, za Keziah, za ngolo, za mbusa wa pa kavalo, ndipo kwa nthawi yoyamba pa moyo wake anamaliza nkhani mwachidule. Crewe anapitiriza kudya ngati sakumva. Atamaliza anapukuta supuni n'kuiika bwinobwino pambali pa mbale.

"Mwapempha angati musanafike kwa ine?"

"Onse."

"Ndiye ine ndine makombo."

"Ndinu makombo, akulu, sindingakunamizeni."

Crewe anayang'ana pawindo. Atayambanso kulankhula, mawu ake anali otsika.

"Ndili ndi mwana wamwamuna. Simunamvepo za iye poti simunafunsepo. Anakwera sitima yosaka anangumi. Sabata imene sitimayo inkanyamuka kunali voti ya msonkho wa ubweya, ine ndinatsala kuno. Ndinanena ayi wanga momveka bwino, lamulolo linadutsabe. Mwanayo anakakwatira kuzilumba zakutali, ali ndi ana amene sindiwadziwa nkhope." Anakankha mbale. "Bweretsani dzanjalo."

Asa anatambasula dzanja, koma m'maso munali mutadzaza kale misozi moti anachita kufufuza la mnzakelo.

"Koma pali mfundo imodzi," anapitiriza Crewe. "Ndipita nanu."

"Ku Marlow? Inuyo?"

"Pakamwa pangapa sindipakhulupirira. Ndikatsala mumzinda muno, tsikulo likafika miyendo ipita yokha ku Nyumba, kalaliki akati Crewe, ayi atuluka yekha ngati chitsokomolo. Ndikufuna pakati pa ine ndi kalalikiyo pakhale mapiri."

Asa anazungulira tebulo n'kumukumbatira mpaka mapazi a nkhalambayo kuchoka pansi.

"Ndisiyeni, bambo inu, mundithyola nthiti! Sindinati ndakukondani, ndati sindivota!"

Masana omwewo anzake a Crewe anabwera atakwiya kudzamufunsa ngati mutu wake ukuyenda bwino. Iye anangoti, "Ndagwira kale chanza," n'kutseka chitseko.

Ulendowo unali wa mkangano kuyambira pa siteshoni. M'sitima ya pamtunda anakangana za njanji, atawoloka mapiri n'kukwera sitima ya pamadzi mu mtsinje wa Ohio anakangana za madoko, ndipo apaulendo anzawo ankasamutsira mipando pafupi kuti amvere nawo zaulere. Asa anali wosangalala ngati mwana wotsekera sukulu. Koma kwawo kukuyandikira anayamba kuchepetsa mawu, chifukwa anakumbukira moto umene anausonkhezera yekha zaka zonse zija.

"Akulu," anatero atatsamira pa chitsulo cha m'mbali mwa sitima, "tikafika ndizingoti ndinu a Jotham, mnzanga wa kumpoto."

"Chifukwa?"

"Dzina lanu linalo kwathu ndi lotchuka pang'ono."

"Lotchuka bwanji?"

Asa anakanda pankhongo. "Abulu ena amayankhira."

Anaulula zonse, za chitsa, za mawu a m'mphuno, za bakha. Crewe anamvetsera nkhope yosasintha.

"Abuluwo ndi olimba?"

"Olimba zedi. Akaima aima, olo muwayatsire moto pansi."

"Ndiye palibe chobisa. Dzinalo ndi langa, ndilitchula ndekha."

Nkhungu inachedwetsa sitima, moti anafika pamene Sallow amathira mu Ohio m'mawa wa tsiku la ukwati lenilenilo. Msewu wa ku Marlow unali phala lokhalokha chifukwa cha mvula, choncho anakwera bwato la Gideon Spurlock, lokankha ndi mitengo italiitali. Gideon anali chimunthu cha ndevu zofiira chimene chinakulira pamadzi, ndipo mabwato ake awiri anali atadyedwa kale ndi mtsinjewo. Tsikulo Sallow anali atadzaza, wofiira ndi matope, akuthamanga mwaukali.

"Takulandirani, a phungu!" anakuwa Gideon. "Timati mwatitaya. Nanga agogowa ndi ndani?"

"Jotham Crewe, wa ku New Hampshire," Crewe anayankha yekha Asa asanatsegule pakamwa.

Mtengo unatsala pang'ono kupulumuka m'manja mwa Gideon. "Crewe wake wa bakha uja?"

"Yemweyo."

"Ha! Lero ndiye ndaona. Khalani pakati, bwana, mungasupuke pamimba."

Anayenda m'mawa wonse, Gideon ndi mng'ono wake akukankha, aphungu awiri atakhala pa matumba a mchere. Dzuwa litafika pamutu, denga la tchalitchi cha Marlow likuonekera patali, bwato linangoti gu! Nthambi yobisika inalikola pansi n'kulitembenuza cham'mbali, madzi n'kuyamba kukhavukira mkati. Anakankha uku, anakankha uko, bwato lili chiimire. Gideon analavula n'kunena kuti palibe kuchitira mwina, pafunika anthu awiri alowe m'madzi akalinyamule ndi mapewa, iye ndi mng'ono wake akukankha.

Asa anayang'ana dzuwa. Mbusa ankayenera kunyamuka masana omwewo kupita ku mpingo wina, ndipo mphepo inkabweretsa kulira kwa vayolini kuchokera kwawo. Kuyenda ulendo wonsewu n'kudzathera pano, m'mano a mtsinje wake womwe! Anawerama kuti amasule nsapato, koma asanamalize chingwe choyamba anamva phava! Atadzutsa mutu anaona Crewe ali m'madzi olekeza m'khosi, ndi jekete lake lakuda lomwe.

"A Pendry! Mukudikira kalaliki akuitaneni dzina? Tsikani!"

Asa anadziponya m'madzimo. Anali ozizira ngati mpeni. Anaika mapewa pansi pa bwato, mapazi akuterera m'matope, mano akugundana. Koma Asa ndi Asa, sakanatha kuugwira mtima.

"Akulu, bakha uja mwamuona?"

"Tsekani pakamwa munyamule."

"Ndikungofunsa ngati pamimba pasupuka."

"Ndi ngalande yakuya, basi. Nyamulani!"

Ananyamula, Gideon anakuwa, nthambi inalira n'kuthyoka, bwato n'kumasuka. Anawakokera mkati ngati nsomba ziwiri, wina wonenepa wina wowonda, ndipo Gideon anamuyang'ana Crewe kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Anangomufunditsa bulangete lake.

Padoko la Marlow anapeza Permelia ataima, manja ali m'chiuno. Anali mayi wamfupi amene anayendetsa munda ndi nyumba zaka zonse mwamuna wake akulankhula, ndipo Asa ankamuopa kuposa Nyumba ya Malamulo yonse.

"A Pendry, anzanu amabwera ku ukwati ndi mphatso, inu mwabwera ndi mtsinje."

"Ndabwera, mayi, chachikulu n'chimenecho."

"Mwabweradi," anatero Permelia, n'kumugwira dzanja lonyowalo osalisiya.

Koma Gideon anali atathamanga kale kukalengeza: "Crewe wafika! Osati bulu, weniweniyo!" Pamene ankafika pabwalo la nyumba, vayolini inali italeka. Amuna anasiya nkhumba imene inkawotchedwa n'kuyandikira, nkhope zitakwinyika. Wina kumbuyo anati amubwezere m'madzimo akasambe bwino. Asa anachita manyazi, chifukwa ukali umenewu anaudzala yekha. Anaima kutsogolo kwa mlendo wake, madzi akuchucha m'thalauza.

"Anthuni, moto uwu ndinayatsa ndine. Munthuyu ndi mdani wa mtsinje wathu, ndipo akadali mdani, mufunseni nokha."

"Ndikadali," anatero Crewe, mano akugundana.

"Mwamva. Koma sabata ino akuvotera Sallow, ndipo ine ndikanachoka ndekha nkhaniyo ikanagwa. Ndinagwadira adani onse, anandiseka. Ndi yekhayu, munthu amene sanajombepo, amene wataya voti yake kuti ine ndidzapereke mwana wanga. Womukhudza ayambe wagwetsa ine. Ndipo ndikuuzeni, abale anga, kuyambira masiku a makolo athu..."

"Zolankhulazo mukapitirize ku Washington," Permelia anamudula. "Munthu akunjenjemera uyu. Lowani, bambo, muvule zimenezi. M'nyumba muno ndinu mlendo wanga."

Zovala zouma zimene zinapezeka zinali za Asa. Thalauza linali loti mungalowe ma Crewe awiri, koma linalekeza m'misongolo, ndipo malaya anachita kumangidwa ndi chingwe. Ali choncho, Keziah anatuluka m'chipinda atavala diresi yake yobiriwira, maluwa a pichesi ali m'tsitsi. Anathamangira bambo ake n'kubisa nkhope pachifuwa pawo.

"Ndimadziwa kuti mubwera, Ababa. Amayi amati simubwera, ndizolowere, koma ine ndimadziwa."

Asa anamukumbatira mwamphamvu. Kenako Keziah anatembenukira kwa nkhalamba ya thalauza lalifupiyo, n'kuigwira manja onse awiri.

"Agogo, ndamva zimene mwachita. Zikomo."

Crewe anatsokomola, n'kuyamba kuyang'ana kudenga ngati kuli nkhani.

Ukwati unachitikira pansi pa mitengo ya mapichesi kuseri kwa nyumba. Asa anayenda ndi mwana wake pang'onopang'ono pakati pa anthu, n'kukapereka dzanja lake kwa Silas, amene ankatuluka thukuta ngati ali pa ng'anjo. Mbusa, nsapato zokwerera kavalo zili kale kuphazi, anawerenga mawu a masiku onse mpaka anafika pamene amati, "Ngati alipo wina amene ali ndi chifukwa chokanizira ukwatiwu, anene tsopano." Mitu yonse inatembenukira kwa Crewe nthawi imodzi, ngati inachita kupangana. Crewe anawayang'ana, n'kukweza chibwano.

"Musandiyang'ane. Sabata ino ndine womangidwa."

Chiseko chinaphulika mpaka mbusa anachita kuvula magalasi kupukuta misozi. Kuchokera pamenepo mtima wa Marlow unafewa. Anamudzazira mbale nyama ya nkhumba ndi mkate wa chimanga, amayi n'kumamukakamiza kuti awonjezere poti anali wowonda kwambiri. Vayolini itayambanso, Permelia anamukokera pabwalo, ndipo Crewe anavina. Ankavina ngati sizasi, miyendo kutseguka ndi kutsekeka, nkhope ili ngati ya pa maliro, koma sanaphonye phazi ngakhale kamodzi. Asa anavina ndi Keziah, anavina ndi amayi ake a Silas, anavina ndi Gideon. Anasangalala ndithu, chimwemwe chenicheni. Za ku Washington zinkamutsina mumtima mwa apo ndi apo, koma akayang'ana mwana wake akuseka, ankaziuza kuti zidikire mawa.

Kutacha, ngolo inali pakhomo, ng'ombe zili pagoli. Anthu ankakweza matumba a ufa, mbewu, bokosi la zipangizo za Silas ndi mabulangete amene Permelia anasoka. Ali mkati momanga zingwe, anamva kavalo akubwera pa liwiro. Anali Elam Quimby, mkulu wa positi, amene anakagona kudoko la ku Ohio, kumene waya wa mauthenga unkalekezera. Matope anali thupi lonse, chipewa chitatayika m'njira.

"Yadutsa!" anakuwa asanatsike n'komwe. "Ya Sallow yadutsa! Ndi voti imodzi!"

Zipewa zinaulukira m'mwamba. Amuna akuluakulu anakumbatirana, wina anathamangira kukaliza belu la tchalitchi, agalu n'kuyamba kuuwa osadziwa chimene chachitika. Asa anakhala pa gudumu la ngolo akuseka ndi kulira nthawi imodzi. Pakati pa phokosolo Gideon anakweza dzanja.

"Taimani, taimani. Mwati voti imodzi? Ndiye agogowa akanatsala uko n'kunena ayi wawo uja..."

Sanamalize. Khamu lonse linatembenukira kwa Crewe, amene anali pakhonde akumwa khofi mwaulemu, atabwerera mu jekete lake lakuda. Asanazindikire anali m'mwamba, pa mapewa a anthu.

"Ayi! Nditsitseni! Ine ndikutsutsabe! N'kuwononga chuma cha boma kumeneku!"

"Crewe! Crewe! Crewe!"

"Ndati ayi, anthu inu! Simukumva?"

Akamakana iwo ankawonjezera kukuwa, n'kuyamba kuyenda naye kulowera kudoko.

Ndi mmene dziko lilili, wolima wina, wotamandidwa wina. Sitima yozula mitengo inabweradi, ndipo sitima yoyamba ya katundu kufika ku Marlow anailemba m'mbali ndi zilembo zikuluzikulu kuti Jotham Crewe. Mwini dzina anadandaula mpaka tsiku la imfa yake kuti anamunamizira. Asa anabwerera ku Washington, anasankhidwanso, koma popanda Sallow zolankhula zake zinkasowa kothera, moti pambuyo pake anasiya yekha n'kubwerera kumunda. Awiriwa anapitiriza kudya patebulo limodzi mpaka tsiku lomaliza la Asa ku Washington, akukangana za mchere.

Koma zimenezo ndi za m'tsogolo. M'mawa umenewo, khamu likutsetserekera kudoko ndi mdani wake pamapewa, Silas analiza chikwapu, ng'ombe n'kuyamba kukoka. Msewu wa ku Oregon unkalowera kwina, kukwera chitunda. Permelia anali atatsanzika kale m'nyumba, poti anati sakufuna anthu amuone akulira, ndipo anaima pakhomo atatseka pakamwa ndi epuloni. Asa anadzuka n'kuyamba kuyenda m'mbali mwa ngolo, dzanja lili pa thabwa, pafupi ndi pamene Keziah anakhala.

Kumunsi anthu ena anakumbukira mwini nkhani. Mawu anayamba kumveka: "Pendry! Pendry adzalankhule!" Elam Quimby anabwera akuthamanga, wefuwefu.

"A phungu, akukufunani uko! Mukachedwa ulemu wonse apita nawo agogo aja!"

"Apite nawo," anatero Asa, osatembenuka.

Keziah anawerama n'kumugwira paphewa. "Ababa, pitani. Mwaulirira moyo wanu wonse. Ndi mtsinje wanu umenewo."

"Mtsinje ndiupeza, mwanawe. Mtsinjewo sukupita ku Oregon."

Keziah anaseka, misozi ikutsika, n'kutsika pangolo kuti ayende naye pansi. Anakolowekana mikono, ngolo ikulira patsogolo pawo, belu likumvekabe kumbuyo. Anayenda choncho mpaka dzuwa linakwera, Asa ali chete, akumvetsera mwana wake akumuuza za mbewu zimene akadzale akakafika.